Mwana akatentha thupi: malungo, chibayo, kutsekula m'mimba ndi katemera m'midzi ya m'malire

Ku Angónia, Tsangano, Macanga, Chifunde ndi Moatize, mwana akadwala mawu oyamba amene kholo limanena ndi akuti "watentha thupi." Mawuwa ndi oona, koma satchula dzina la matenda. Thupi limatentha ndi malungo, limatentha ndi chibayo, chikuku, mafinya a m'khutu ngakhalenso matenda oumitsa khosi, ndipo onsewa mankhwala ake ndi osiyana. Mwa matenda opatsirana, amene amatenga ana ambiri osakwana zaka 5 kuno kwathu ndi atatu: malungo, chibayo ndi kutsekula m'mimba. Onse atatu amachizika ndi mankhwala omwe amapezeka pa centro de saúde yapafupi, nthawi zina m'mudzi momwemo. Chovuta ndi nthawi. Thupi la mwana silichedwa kutha mphamvu. Amene amasewera pabwalo lero m'mawa akhoza kukhala atalefukiratu pofika mawa madzulo, ndiye tsiku loyamba la matenda ndi limene kholo liyenera kulisamala kwambiri.

Zizindikiro zosadikira kuti kuche

Anamwino a dziko lino amaphunzitsidwa njira yoyezera ana yotchedwa AIDI, yomwe mabungwe a WHO ndi UNICEF anakonza m'zaka za m'ma 1990. Ku Malawi ndi ku Zambia amagwiritsanso ntchito njira yomweyi, dzina lokha ndilo losiyana. Asanafunse china chilichonse, namwino amayang'ana zinthu zinayi, ndipo zinayi zomwezo kholo lingathe kuziona kunyumba popanda chipangizo.

Mwana akulephera kuyamwa kapena kumwa. Mwana akusanza chilichonse chimene walandira, ngakhale madzi a pasipuni. Mwana wakomoka kapena akuphupha, manja ndi miyendo zikugwedezeka, maso atatembenuka. Mwana wafooka kwambiri moti akungogona, ndipo mukamudzutsa sakukuyang'anani.

Chimodzi chokha mwa izi ndi chokwanira kuti munyamuke nthawi yomweyo, kaya ndi usiku, kaya ndi Lamulungu, kaya bambo a mwana ali ku msika wa fodya. Onjezaninso khosi louma, kubanika popuma, zikhatho zoyera ngati pepala, ndi kutupa kwa mapazi onse awiri.

Pa kuphupha pafunika mawu owonjezera, chifukwa apa ndi pamene mabanja ambiri amataya tsiku lathunthu. Mwana akaphupha, kumudzi timathamangira kuganiza za khunyu, mizimu kapena dzanja la munthu, ndipo ulendo woyamba umakhala wa kwa asing'anga. Koma mwa mwana wotentha thupi, kuphupha kawirikawiri kumachokera ku kutenthako, ku malungo amene afika ku bongo, kapena ku matenda oumitsa khosi. Pamene akuphupha, mugonekeni cham'mbali kutali ndi moto. Musamuike sipuni kapena chala m'kamwa, musamumwetse kanthu, musamufukize utsi. Akangoleka, nyamukani.

Woyamba kumuona mwana ndani

M'midzi yomwe ili kutali ndi chipatala muli ma APE, kutanthauza Agentes Polivalentes Elementares. Ndi anthu a m'mudzi momwemo, osankhidwa ndi anzawo, amene anaphunzitsidwa kwa miyezi ingapo. Ntchitoyi inayamba mu 1978, inafooka m'nthawi ya nkhondo, ndipo unduna wa zaumoyo unaitsitsimutsa mu 2010. APE amayeza malungo, amawerenga mpweya wa mwana, amapereka mankhwala a malungo, a chibayo ndi a kutsekula m'mimba, ndipo akaona kuti zamupitirira amalemba kalata yotumiza mwana ku centro de saúde. Tsidya la Malawi ntchito yofanana ndi imeneyi amagwira alangizi a zaumoyo m'zipatala zazing'ono za m'midzi.

Kuchokera pa centro, mwana wodwala kwambiri amatumizidwa ku chipatala chachikulu, monga Hospital Rural de Ulónguè kapena Hospital Provincial de Tete. Mabanja a ku Calómuè, Biri-Biri, Zóbuè ndi Cassacatiza ambiri amadziwa kale kuti chipatala chapafupi nthawi zina chimakhala cha ku Dedza, Ntcheu, Mwanza kapena Katete. Chimene ambiri amaiwala ndi kunyamula khadi la mwana, cartão lija, ndi kuuza namwino wa tsidya linalo mankhwala amene mwana walandira kale kuno. Mankhwala amodzimodzi ali ndi mayina awiri: amene kuno timati Coartem, ku Malawi amati LA, amene kuno timati SRO, kumeneko amati Thanzi ORS. Mwana akhoza kupatsidwa mankhwala omwewo kawiri chifukwa cha mayina okha.

Malungo

Malungo amabwera ndi udzudzu wa mtundu wa Anopheles, womwe umaluma makamaka usiku. Sabwera ndi mango osapsa, chimanga chachiwisi, misinde kapena kunyowa ndi mvula. Zinthu izi zimangogwirizana nyengo ndi udzudzu, chifukwa udzudzu umaswana m'madzi odikha a dzinja, kuyambira Disembala mpaka Epulo kapena Meyi. M'zigwa zotentha za Zambezi ndi Revúbuè, komanso pafupi ndi madimba othiriridwa, malungo sathera pomwepo. Kumtunda kozizira kwa Angónia ndi Tsangano nakonso aliko, ndipo kholo lisadzinamize kuti kuzizira kumateteza mwana.

Palibe munthu, ngakhale dokotala, amene angadziwe malungo pongogwira mwana pamphumi. Pamafunika kuyeza magazi. Kachipangizo koyezera, komwe kuchipatala amati TDR, kamafuna kadontho kamodzi ka magazi a pachala ndipo kamayankha pakatha mphindi 15 kapena 20. Mizere iwiri ndiye kuti malungo alimo, mzere umodzi mulibe. Chinthu chimodzi chofunika kudziwa: kachipangizoka kamatha kuonetsabe mizere iwiri kwa masabata angapo mwana atachira kale. Ngati mwana anamwa mankhwala a malungo mwezi womwewo, nenani, kuti namwino afufuzenso zina.

Pakatuluka mzere umodzi, makolo ena amakwiya, kuona ngati awamana mankhwala, nkupita kukagula Coartem kumsika. Apa tinene mosabisa: kuteroko ndi kuchedwetsa mwana. Ngati mulibe malungo ndiye kuti chikumutenthetsa ndi china, ndipo chinacho chikupitirira pamene inu mukuchiza matenda omwe palibe.

Mankhwala a malungo osafika poopsa ndi artemether-lumefantrine, omwe ndi Coartem kapena LA yemwe uja. Malawi anayamba kuwagwiritsa ntchito mu 2007, Moçambique mu 2009, atasiya klorokwini ndi Fansidar zomwe tizirombo tinali titazizolowera. Amamwedwa kasanu ndi kamodzi m'masiku atatu: koyamba nthawi yomweyo, kachiwiri pakatha maola 8, kenako m'mawa ndi madzulo kwa masiku awiri otsatira. Kuchuluka kwa mapiritsi kumatengera kulemera kwa mwana. Wa makilogalamu 5 mpaka 14 amamwa piritsi limodzi nthawi iliyonse, wa 15 mpaka 24 amamwa awiri. Mankhwalawa amalowa bwino m'thupi akatsagana ndi chakudya chamafuta, choncho muyamwitseni mwana kapena mupatseni phala lotendera. Akasanza atangomwa kumene, mlingo umenewo watayika. Bwererani kwa amene anakupatsani kuti abwezeretse.

Vuto lalikulu limabwera tsiku lachiwiri. Mwana wadzuka, wapempha nsima, ndipo mayi amasunga mapiritsi otsala kuti adzathandize mng'ono wake tsiku lina. Tizirombo totsala m'magazi timachulukananso, malungo nkubwerera pakatha masabata awiri kapena atatu, mwana ali ndi magazi ochepa kuposa poyamba. Paketi imodzi ndi ya mwana mmodzi, ndipo ithe yonse.

Malungo akafika poopsa, mapiritsi sathandizanso. Pamafunika jakisoni wa artesunate kuchipatala, ndipo nthawi zina kuwonjezera magazi. Kwa ana osakwana zaka 6 amene ali kutali, pali mankhwala a artesunate olowetsa kumatako omwe APE angapereke ngati ali nawo. Amenewa ndi ogulira nthawi ya panjira basi. Mwana amatha kuoneka ngati watsitsimuka pakatha maola ochepa, koma ulendo wa kuchipatala usaimitsidwe.

Pa kutentha thupi kwenikweniko, mankhwala ake ndi paracetamol, amene ambiri timati Panado, pa mlingo wa ana. Aspirini ana asapatsidwe. Mvuleni zovala zochuluka m'malo momufunditsa mabulangete atatu.

Za kupewa tonse tinazimva: kugona m'neti usiku uliwonse, chaka chonse. Aliyense woyenda m'midzi ya fodya ndi mbatata waonapo maneti atatchinga nazale, atakuta khola la anapiye kapena atasanduka zingwe zomangira denga. Neti yakale yong'ambikang'ambika igwire ntchito zimenezo, koma yatsopano ndi ya pogona, ndipo oyamba kulowamo akhale mayi woyembekezera ndi ana aang'ono. Banja likapita kukagona kumunda kulondera mbewu, neti ipite nawo. Mayi woyembekezera amalandiranso Fansidar ku sikelo ya amayi, yomwe imateteza iye ndi mwana wa m'mimba.

Tsopano kulinso katemera wa malungo. Woyamba, wotchedwa RTS,S, anayesedwa kwa zaka zambiri kuno ku Moçambique, pa malo ofufuzira za umoyo a ku Manhiça m'chigawo cha Maputo, ndipo Malawi ndiye anakhala dziko loyamba kumupereka kwa ana m'zipatala wamba mu Epulo 2019. Dziko lino linayamba kupereka katemera wachiwiri, wotchedwa R21, mu Ogasiti 2024, kuyambira m'chigawo cha Zambézia. Amaperekedwa kanayi. Amachepetsa malungo koma sawathetsa, ndiye mwana wobayidwa agonebe m'neti, ndipo akatentha thupi ayezedwebe.

Chibayo: phunzirani kuwerenga mpweya

Chifuwa ndi chimfine zambiri mwa ana zimatha zokha m'sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo sizifuna makapisozi. Chibayo ndi china: matenda alowa m'mapapo enieniwo. Chimachuluka m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julaye, makamaka kumtunda, kumene ana amagona m'nyumba ya moto zitseko zili zotseka. Utsi wa nkhuni umene mwana wa kumbuyo amapuma tsiku ndi tsiku mayi ake akuphika umafooketsa mapapo ake.

Kusiyanitsa chifuwa wamba ndi chibayo ndi luso limene kholo lililonse lokhala ndi foni kapena wotchi lingaphunzire. Dikirani mwana akhale chete, asakulira ndiponso asakuyamwa. Kwezani malaya ake, yang'anani pamimba kapena pachifuwa, ndipo werengani kuti pakukwera kangati pa mphindi imodzi yathunthu. Khanda losakwana miyezi 2 likafika pa 60 kapena kupitirira, likupuma mofulumira. Mwana wa miyezi 2 mpaka 11, malire ake ndi 50. Wa chaka chimodzi mpaka zaka 5, malire ndi 40. Mukakayika, werenganinso. Mwana wotsokomola amene wapitirira malirewa aonedwe tsiku lomwelo.

Yang'ananinso m'munsi mwa nthiti. Mwana wabwinobwino akamakoka mpweya, chifuwa chonse chimatukuka. Mwa mwana amene mapapo ake avutika, m'munsi mwa nthiti mumalowa mkati pamene akukoka mpweya. Ameneyo ndi wa kuchipatala. Akamabuula popuma, kapena milomo ikachita bii, mwina afunika mpweya wa okosijeni, womwe m'mudzi mulibe.

Mankhwala a chibayo ndi amoxicilina, mapiritsi osungunuka m'madzi pang'ono kapena mu mkaka wa m'mawere, kawiri patsiku, kawirikawiri kwa masiku 5. Ngati pakatha masiku awiri kapena atatu mwana sakusintha, bwererani. Makapisozi ofiira ndi achikasu ogulitsidwa amodziamodzi m'misika ya m'malire, atakhalitsa padzuwa, ndi a mlingo wa akuluakulu ndipo palibe akudziwa kuti anatha mphamvu liti. Kutemera mphini pachifuwa kumangowonjezera chilonda pa mwana wodwala kale.

Chifuwa chopitirira masabata awiri, mwana akuonda, makamaka ngati m'nyumbamo muli wamkulu wotsokomola kapena amene akumwa mankhwala a TB, chimafuna kuyeza chifuwa chachikulu. Ana osakwana zaka 5 okhala ndi wodwala TB amapatsidwa mankhwala oteteza ngakhale asanadwale.

Kutsekula m'mimba ndi nkhani ya liwombo

Mwana wotsekula m'mimba samwalira ndi kutsekulako, amamwalira ndi kutha madzi m'thupi. Mu mzinda wa Tete, kumene kutentha kumapitirira madigiri 40 m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, madziwo amatha msanga kwambiri. Zizindikiro zake ndi maso olowa, ludzu lalikulu, kusakodza kwa nthawi yaitali, ndi khungu la pamimba lomwe mukalitsina limachedwa kubwerera.

Mwa khanda palinso liwombo. Agogo athu ankaona bwino pamene ankati liwombo likalowa mwana ali pangozi. Pamene panalakwika ndi pa chifukwa chake. Liwombo silimayambitsa kutsekula. Limalowa chifukwa madzi atha m'thupi, monga dzungu limafota likasowa madzi. Kumata mankhwala pamutu kapena kukankha m'kamwa ndi chala sikungalidzutse. Limadzuka lokha mwana akalandira madzi okwanira. Likatukuka ndi kulimba mwana ali chete ndiponso akutentha thupi, imeneyo ndi ngozi ina, ya matenda oumitsa khosi.

Mankhwala ake ndi awiri, ndipo amayendera limodzi. Oyamba ndi SRO: paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira mankhwala, osawonjezera shuga, osagawa paketi pakati. Mwana wosakwana zaka 2 amwe pafupifupi kota kapena theka la kapu nthawi iliyonse akatsekula, wamkulupo theka la kapu mpaka kapu yathunthu. Mupatseni pang'onopang'ono ndi sipuni. Akasanza, dikirani mphindi 10 nkuyambiranso modekha. Otsala akatha tsiku limodzi atayeni, musungunule ena. Achiwiri ndi zinki, piritsi limodzi patsiku kwa masiku 10 mpaka 14, ndipo khanda losakwana miyezi 6 limalandira theka. Zinki amafupikitsa matendawo ndi kuteteza mwana kwa miyezi iwiri kapena itatu yotsatira, ndiye amalizeni ngakhale kutsekula kutasiya tsiku lachitatu.

Musaleke kuyamwitsa, ndipo musamumane chakudya poganiza kuti m'mimba mupume. Mayi akatenga pathupi pena mwana akadali kubere, mkaka wake suwola ndipo sutsekulitsa mwana. Akachira, muwonjezereni chakudya kamodzi patsiku kwa masabata awiri kuti abweze thupi. Chimbudzi chikakhala ndi magazi, ameneyo ndi kamwazi ndipo amafuna mankhwala a kuchipatala. Kutsekula kofika masiku 14 nakonso ndi kwa kuchipatala.

Kolera ndi kutsekula kwa mtundu wina, kwa madzi oyera ngati otsukira mpunga, komwe kungathe kupha m'maola ochepa. Mliri umene unayamba ku Malawi mu Malichi 2022 unapha anthu oposa 1,700, ndipo ndi waukulu kuposa yonse m'mbiri ya dzikolo. Kuno unayambira ku boma la Lago m'chigawo cha Niassa mu Seputembala 2022, unafika ku Tete ndi zigawo zina, ndipo unakula namondwe Freddy atawononga zitsime ndi zimbudzi mu 2023. Wodwala ayambe kumwa SRO panjira popita kuchipatala, osadikira kufika.

Ife olankhula zinenero ziwiri tili ndi udindo wofotokoza chinthu chimodzi. M'Chipwitikizi mawu akuti cloro ndi cólera amamveka ngati apachibale, ndipo kumpoto kwa dziko lino, monga ku Nampula, ogwira ntchito zaumoyo ndi atsogoleri a m'midzi akhala akumenyedwa powanamizira kuti akuthira kolera m'zitsime. Cloro ndi mankhwala opha tizirombo m'madzi, omwe ali mu Certeza wa kuno ndi WaterGuard wa ku Malawi. Cólera ndi matendawo. Thirani monga zalembedwera pabotolo, dikirani mphindi 30, ndipo sungani madziwo mu chigubu chotseka kuti manja ndi zikho zisamalowemo. Chimbudzi cha mwana wakhanda chili ndi tizirombo ngati cha wamkulu. Chitayidwe m'chimbudzi, ndipo manja asambidwe ndi sopo, akasowa ndi phulusa.

Chikuku

Chikuku chimayamba ndi kutentha thupi, chifuwa, chimfine ndi maso ofiira. Pakatha masiku atatu kapena anayi, zidzolo zimatuluka kumaso nkutsikira thupi lonse. Chimafala mumpweya mofulumira kuposa matenda ena onse a ana. Mu 2010 chinagwira anthu oposa 130,000 ku Malawi. Mwambo wobisa mwana wachikuku m'nyumba kuti chituluke bwino ndi woopsa, chifukwa chimene chimapha si zidzolo koma chibayo ndi kutsekula m'mimba zobwera pambuyo pake, ndipo chimachititsanso khungu. Kuchipatala amapereka vitamini A woteteza maso. M'masomo musathire madzi a zitsamba kapena china chilichonse.

Khanda la masiku ochepa

Kwa khanda losakwana miyezi 2 malamulo ndi okhwima. Likatentha thupi, likazizira modabwitsa, likaleka kuyamwa, likamangogona osatakataka, kapena mchombo ukafiira ndi kutuluka mafinya, palibe za kuyesa mankhwala kunyumba. Mwambo wa chikuta usaletse ulendowu. Pamchombo pasaikidwe phulusa, ndowe, mwaye kapena mafuta, chifukwa ndi mmene kafumbata amalowera. Pakani okhawo amene achipatala apereka. Mwana wobadwa kwa mayi amene ali ndi HIV amalandira mankhwala oteteza kuyambira tsiku lobadwa, amayezedwa magazi akatha pafupifupi mwezi umodzi, ndipo amayezedwanso akasiya kuyamwa.

Zimene poliyo anationetsa mu 2022

Mu Ogasiti 2020 bungwe la WHO linalengeza kuti poliyo wa mtundu wachilengedwe watha m'chigawo cha Africa. Pasanathe zaka ziwiri, mu Febuluwale 2022, boma la Malawi linalengeza kuti mtsikana wa zaka 3 wa ku Lilongwe wapuwala ndi kachirombo komweko. Atakafufuza, anapeza kuti ndi ka mtundu umene unkazungulira ku Pakistan. Mu Meyi chaka chomwecho kanapezeka mwa mwana wa ku boma la Changara, kuno ku Tete, koyamba m'dziko lino patatha pafupifupi zaka 30. Pofika kumapeto kwa chakacho ana 8 anali atapezeka nako m'Moçambique, onsewo a m'chigawo chathu chino.

Chiwerengero cha 8 chikuoneka chochepa, koma poliyo amayenda mobisala. Mwa anthu pafupifupi 200 amene atenga kachiromboka, mmodzi yekha ndiye amapuwala. Enawo saonetsa kanthu, koma amakafalitsa kudzera m'chimbudzi, m'madzi ndi m'manja. Nchifukwa chake opereka katemera ankabwera khomo ndi khomo mobwerezabwereza, kudontheza madontho awiri m'kamwa ndi kupaka inki pachala, mpaka makolo ena anatopa nkumafunsa kuti mwana mmodzi alandira kangati. Ntchitoyi inachitika m'mayiko asanu, Moçambique, Malawi, Zambia, Tanzania ndi Zimbabwe, ndipo inafikira ana oposa 50 miliyoni. Mu Meyi 2024 mliriwo unalengezedwa kuti watha. Ana amene anapuwala sadzachira, chifukwa poliyo alibe mankhwala.

Mwana aliyense wosakwana zaka 15 amene mwendo kapena mkono wake walefuka mwadzidzidzi, osavulala, anenedwe kuchipatala msanga. Achipatala amatenga chimbudzi chake kawiri kukachiyeza, ndipo zotsatira zimadalirika chikatengedwa m'masiku 14 oyamba.

Makalendala awiri a katemera

Mwana wobadwira ku Ulónguè, amene agogo ake ali ku Dedza ndipo mayi ake amagulitsa mbatata ku Lizulu, amakhala pakati pa makalendala awiri. Kuno ku Moçambique, mwana akangobadwa amalandira BCG woteteza ku TB ndi madontho a poliyo. Pa miyezi 2, 3 ndi 4 amalandira jakisoni wa matenda asanu pamodzi, womwe umateteza ku kafumbata, chifuwa chokoka mtima, matenda a pakhosi otchedwa difteria, matenda a chiwindi a hepatite B ndi kachirombo kena koyambitsa chibayo ndi kuumitsa khosi, pamodzi ndi madontho a poliyo. M'miyezi yomweyi amalandiranso katemera wa chibayo, amene anayamba kuperekedwa mu 2013, ndi wa rotavirus woteteza ku kutsekula m'mimba, amene anayamba mu 2015. Wa chikuku ndi rubéola amabayidwa pa miyezi 9, ndipo wachiwiri pa miyezi 18.

Ku Malawi akatemera ake ndi pafupifupi omwewa, koma amawerenga masabata: 6, 10 ndi 14. Wachiwiri wa chikuku amabaya pa miyezi 15. Kusiyanaku kusakusokonezeni. Katemera wolandiridwa tsidya lina amagwira ntchito chimodzimodzi tsidya linalo, bola alembedwe. Mwana amene wadumpha mwezi sayambiranso pachiyambi, amapitiriza pamene analekera. Ngati ali ndi cartão la kuno ndi buku la chipatala la ku Malawi, nyamulani zonse ziwiri ndipo pemphani namwino akopere masiku a katemera kuchokera m'limodzi kupita m'linzake.

Amene amaiwalika kwambiri ndi wa miyezi 18. Pa msinkhu umenewo mwana akuyenda, mayi mwina ali ndi pathupi pena, ndipo ulendo wa ku sikelo unatha kalekale. Komatu jakisoni mmodzi wa chikuku sagwira mwa ana onse, ndipo wachiwiriyo ndiye amatseka mpata. Ku sikelo komweko mwana amalandiranso vitamini A miyezi 6 iliyonse kuyambira ali ndi miyezi 6, ndi mankhwala a njoka za m'mimba kuyambira chaka chimodzi. Kutentha thupi pang'ono ndi kutupa pobayidwa kwa tsiku limodzi kapena awiri ndi zachizolowezi. Chimfine chaching'ono si chifukwa chobwezera mwana kunyumba osabayidwa. Kumadera akutali, funsani a mfumu kapena APE tsiku limene brigada móvel idzafike.

Miyezi imene ana amadwala kwambiri ndi yomweyo imene ndalama za zokolola zatha, mitsinje yadzaza ndipo aliyense ali kumunda kupalira. Mabanja ena amapatula ndalama ya mota kapena kabaza pa nthawi yogulitsa fodya, soya kapena mbatata, nkuisunga pamodzi ndi cartão m'pepala la pulasitiki, ndipo amagwirizana pasadakhale kuti mwana akadwala bambo kulibe, mayi anyamuke osadikira chilolezo. Ponyamuka tengani mapaketi a mankhwala onse amene mwana wamwa, ngakhale ogula kumsika, ndipo ngati wamwa azitsamba nenani, chifukwa namwino afunika kudziwa zimenezo asanasankhe mankhwala ndi mlingo wake. Panjira pitirizani kumuyamwitsa ngati akutha kuyamwa, ndipo khanda laling'ono liikeni pachifuwa panu, khungu kukhungu, kuti lisazizidwe.